Dzungu la Halloween: Mmene Mpeni Unachokera M'manja mwa Ana

M'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya National Museum of Ireland, ku nthambi yake ya ku Turlough Park pafupi ndi tauni ya Castlebar, muli kankhope kena kamene alendo ambiri akakaona amayamba kaye abwerera m'mbuyo. N'kotuwa, maso ake ndi timing'alu tiwiri topendekeka, pakamwa n'pong'ambika, mano ang'onoang'ono ali apo ndi apo. Kankhopeka anakaumba potengera nyali ya tanipu yochokera ku Fintown, m'chigawo cha Donegal, ndipo kamatisonyeza mmene nyali za Halloween zinkaonekera dzungu lisanalowe m'nkhaniyi. Amene ankasema nkhope zoterezi sankafuna kuti mwana aseke. Ankafuna kuti munthu wamkulu woyenda usiku atuluke thukuta.

Lero ku America, ku Canada ndi ku Britain, mwana wa zaka zitatu amakhala pa tebulo la kukhitchini, atavala malaya akale a bambo ake kuti asadetse zovala, n'kumapaka penti wa pinki pa kadzungu kokwana m'manja. Pakati pa nkhope ya ku Donegal ndi kadzungu ka pinki kameneka pali zaka zoposa 100, nyanja yaikulu, njala, nkhondo, ndi zala zambiri zosokedwa kuchipatala. Chikondwererochi chakhala chikutsika msinkhu pang'onopang'ono, kuchoka kwa anyamata a ndevu zoyamba kufika kwa ana oyamba kumene kuyenda, ndipo pa sitepe iliyonse chinkataya chinthu chimodzi choopsa.

Kwa anthu a ku Ireland ndi ku Scotland akale, usiku wa pa 31 Okutobala unali malire a chaka. Ankautcha Samhain. Zokolola zinali zitalowa m'nyumba, ng'ombe zinkatsitsidwa kuchokera kumapiri kumene zinkadya m'nyengo yotentha, zina zinkaphedwa chifukwa chakudya cha nyengo yachisanu sichikanakwanira zonse. Masana ankayamba kufupika kwambiri. Anthu ankayatsa moto waukulu pamapiri, ndipo ankakhulupirira kuti usiku umenewo mizimu ndi zolengedwa za kudziko lina zimayenda momasuka pakati pa amoyo. Mpingo utabwera unaika masiku ake pamalo omwewo a kalendala. Papa Gregory III, amene analamulira kuyambira 731 mpaka 741, anapatula kachisi wina mu tchalitchi cha Petro Woyera ku Rome kuti akhale wokumbukira oyera onse, ndipo m'zaka za m'ma 830 tsiku la 1 Novembala linafalikira m'maiko a mafumu a Afulanki ngati tsiku la Oyera Onse. Kenako Odilo, mkulu wa amonke a ku Cluny ku France, anawonjezera 2 Novembala kukhala tsiku lopempherera akufa onse. Akatolika a kuno kwathu amawadziwa bwino masiku awiriwa. Halloween ndi madzulo otsogolera tsiku loyambalo.

Anthu ena amakonda kunena kuti nyali zosemedwa zinayamba ndi ansembe a Aselote zaka masauzande zapitazo. Nkhaniyi imakoma kuimva, koma zolembedwa zimene zimatchula ana ndi achinyamata akugoba matanipu pa nthawi ya Halloween ndi za m'zaka za m'ma 1800. Chimene chinayenda limodzi ndi mwambowu ndi nthano ya Jack, munthu woumira ndi wokonda kachasu amene anapusitsa mdyerekezi kawiri. Ulendo woyamba anamunyengerera kuti asanduke ndalama yolipirira mowa, kenako n'kuiponya m'thumba mmene munali mtanda, mdyerekezi osathanso kubwerera mwakale. Ulendo wachiwiri anamukweza mumtengo kukathyola chipatso, iye n'kujambula mtanda pa thunthu. Kuti atsike, mdyerekezi analonjeza kuti sadzatenga mzimu wa Jack. Jack atamwalira, kumwamba anamukana chifukwa cha makhalidwe ake, kugehena anamukananso chifukwa cha lonjezo lija. Mdyerekezi anangomuponyera khala lamoto, iye n'kuliika m'tanipu wogoba, n'kuyamba kuyendayenda mumdima mpaka lero. Nthanoyi inasindikizidwa m'magazini ya Dublin Penny Journal m'zaka za m'ma 1830, ndipo anthu ankaigwiritsa ntchito pofotokoza timalawi tosadziwika bwino timene timaoneka usiku m'madambo a ku Ireland.

Tiime kaye pa tanipuyo, chifukwa ndiye amafotokoza za mpeni. Tanipu wa ku Ireland ndi ku Scotland ndi muzu wozungulira, wolimba kuchokera kunja mpaka pakati, wopanda mphako ina iliyonse. Kuti ukhale nyali uyenera kudula kachivundikiro pamwamba, kenako kugoba mkati monse ndi mpeni ndi supuni, pang'onopang'ono, mpaka khoma litapyapyala moti kuwala n'kumadutsa. Akuluakulu a ku Scotland amene anakula ndi mwambowu amakumbukira masupuni opindika, matuza m'manja, ndi fungo la tanipu wopserera pamene lawi la kandulo linkanyambita chivundikiro. Ankaboola m'mbali n'kumangamo chingwe chonyamulira. Imeneyi sinali ntchito ya mwana wa zaka zinayi. Inali ya mnyamata wamkulu, kapena ya bambo atabwera kumunda. Ndipo nyaliyo ikatha, inkapita kukaikidwa pa mpanda wa manda, pa zenera la nkhalamba yokwiyakwiya, kapena pa ndodo yotulukira mwadzidzidzi kuseri kwa tchire.

Mwambo wa mizu sunafe wonse. Pa chilumba cha Isle of Man ana amasemabe matanipu pa chikondwerero cha Hop-tu-Naa, ndipo m'mudzi wa Hinton St George ku Somerset, Lachinayi lomaliza la Okutobala ana amayenda ndi nyali zimene poyamba zinkasemedwa kuchokera ku mizu ikuluikulu yodyetsa ng'ombe, pa usiku umene amautcha Punkie Night.

Dzungu linali ndi mbiri yakeyake kutsidya kwa nyanja. Nthanga zimene zinapezeka m'phanga la Guilá Naquitz ku Oaxaca, m'dziko la Mexico, zimasonyeza kuti anthu ankalima mtundu wina wa maungu zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, chimanga chisanawetedwe n'komwe. Mitundu ya anthu a ku North America, monga Ahaudenosaunee, inkabzala chimanga, nyemba ndi maungu m'munda umodzi: nyemba zikukwera chimanga, maungu akuyanga pansi kuphimba nthaka. Mlimi wa ku Dedza kapena ku Chipata sangadabwe nazo, chifukwa mbewu zitatu zomwezi zinatipeza kuchokera ku America komweko zitadutsa m'manja mwa amalonda a panyanja, ndipo tinazibzala pamodzi chimodzimodzi. Kusiyana n'kwa nyengo basi. Kumpoto maungu amakhwima mu Seputembala ndi Okutobala, pamene kwathu ndi nthawi ya dzuwa loswa mtengo ndipo maungu a chaka chimenecho tinadya kalekale.

Azungu oyamba kukhala ku New England anadalira maungu kuti asafe ndi njala, koma kenako anayamba kuwaona ngati chakudya cha osauka ndi cha ziweto. Ankachuluka moti ana ankatha kuseweretsa popanda wowakalipira. Mu 1820 Washington Irving anasindikiza nkhani yake ya The Legend of Sleepy Hollow, mmene mphunzitsi wamantha amathamangitsidwa usiku ndi wokwera hatchi wopanda mutu, ndipo m'mawa mwake anthu amangopeza chipewa chake pafupi ndi dzungu lophwanyika. Patapita zaka, mlakatuli John Greenleaf Whittier analemba ndakatulo yokumbukira ubwana wake, mmene anatchula anyamata akusema nkhope pa maungu ndi kuikamo kandulo. Chochititsa chidwi n'chakuti ndakatuloyo imanena za nyengo yokolola ndi tsiku la Thanksgiving. Dzungu losemedwa linalipo kale ku America, koma linali lisanakwatirane ndi Halloween.

Anawakwatitsa ndi njala. Kuyambira 1845 chiwawu chinagwira mbatatesi ku Ireland, ndipo pofika 1852 anthu pafupifupi miliyoni imodzi anali atamwalira, enanso oposa miliyoni atakwera zombo. Ambiri anakatsikira ku Boston, ku New York ndi ku Canada, atanyamula Halloween yawo. Kumeneko anapeza chinthu chachikulu kuposa tanipu kangapo, chofewa, chotchipa, ndipo koposa zonse chokhala kale ndi mphako mkati. Ntchito ya madzulo onse inasanduka ya ola limodzi. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 manyuzipepala ndi magazini a amayi ku America ankalemba za dzungu lowala ngati chizindikiro cha usikuwo.

Koma Halloween ya nthawi imeneyo inali ya anyamata osamva. Ankazula zitseko za mipanda n'kukazipachika mumitengo, kugwetsa zimbudzi za panja nthawi zina mwini wake ali momwemo, kumasula ngolo n'kukaimanganso pamwamba pa denga la khola. Kumudzi anthu ankangopukusa mitu. M'mizinda zinafika pa kuswa mazenera, kugubuduza magalimoto ndi kuyatsa moto, makamaka m'zaka za umphawi za m'ma 1930. Akuluakulu a m'matauni anaona kuti kuletsa sikuthandiza, choncho anaganiza zolanda chikondwererocho mwaulemu. Ku Anoka, m'boma la Minnesota, anthu atatopa ndi kudzuka n'kupeza ng'ombe zikuyenda mumsewu waukulu, mu 1920 anakonza zionetsero za ana ovala zachilendo, n'kuwagawira maswiti ndi mbuliwuli za chimanga. Masukulu, mipingo ndi magulu a amalonda m'matauni ena anatsatira. Kampani ya Dennison ya ku Massachusetts inkasindikiza timabuku tophunzitsa amayi kukongoletsa nyumba ndi mapepala akuda ndi a olenji. Apa mpamene nkhope ya dzungu inayamba kumwetulira.

Mwambo woti ana aziyenda khomo ndi khomo kupempha maswiti unayamba kutchulidwa kawirikawiri m'manyuzipepala a ku Canada ndi ku America m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, koma nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inauimitsa chifukwa shuga ankagulidwa mwa muyezo kuyambira 1942 mpaka 1947. Shuga atabwerera anapeza dziko ladzaza makanda. Asilikali anali atabwerako, atakwatira, atamanga nyumba zofanana m'mizere m'mphepete mwa mizinda, iliyonse ili ndi khonde ndi kanjira kolowera. Malo otere anali ngati anawakonzera mwana wonyamula thumba. Mu 1950 ana a ku Philadelphia anayamba kutolera ndalama za UNICEF pa usikuwo, mu 1952 Disney anatulutsa katuni ya Donald Duck ndi ana a mlongo wake akupempha maswiti, ndipo mu 1966 wailesi ya kanema inaonetsa koyamba It's the Great Pumpkin, Charlie Brown, mmene kamnyamata kamagona m'munda wa maungu kudikira dzungu lalikulu lobweretsa mphatso. Mwini wake wa Halloween tsopano anali mwana wa sukulu ya pulayimale, ndipo mng'ono wake wa ku sukulu ya mkaka anali kale pakhomo akulira kuti naye apite.

Vuto linali lakuti chizindikiro chachikulu cha chikondwerero cha ana chinkafuna mpeni ndi moto, zinthu ziwiri zimene kholo lililonse limabisira mwana.

Madokotala a opaleshoni ya manja amaidziwa bwino ngoziyi, ndipo imachitika mofanana chaka ndi chaka. Wosemayo amayamba watulutsa nthanga ndi ulusi wa mkati, choncho manja ake, mpeni ndi dzungu lomwe zonse zimakhala zoterera. Amagwira dzungu ndi dzanja lamanzere kuseri kwake, n'kulasa ndi lamanja. Khungu la dzungu ndi lolimba, mpeni umakanirira. Amawonjezera mphamvu, ndiye mwadzidzidzi mpeni umapyola n'kukatulukira kumene kuli chikhatho chinacho. Kapena mpeni umaima nji, dzanja lonyowa n'kutsetsereka kuchoka pa chigwiriro kupita pa mpeni weniweniwo. M'zala minyewa yopinditsa chala ndi mitsempha yomvera zili pafupi kwambiri ndi khungu, ndipo zikaduka zimafuna opaleshoni ndi miyezi ya mafizo. Bungwe la boma la America loona za chitetezo cha katundu wogulitsidwa, Consumer Product Safety Commission, linalengeza mu 2022 kuti anthu pafupifupi 3,200 amathamangira nawo kuchipatala chaka chilichonse chifukwa cha ngozi za Halloween, ndipo oposa theka la iwo amavulala posema maungu. Ambiri mwa ovulalawo si ana aang'ono ayi, ndi akuluakulu ndi achinyamata. Zimenezi zimangotsimikiza mfundoyo: ngati bambo wa zaka 40 akudzicheka, mwana wa zaka zinayi asayandikire n'komwe.

Yankho loyamba linali kusintha chida. Paul Bardeen, injiniya wa ku Wisconsin, m'zaka za m'ma 1940 ankadula tizidutswa ta sowo yopyapyala n'kutilowetsa m'timitengo kuti ana ake azicheka dzungu m'malo molilasa. Iye atamwalira, ana akewo anasandutsa nzeruyo bizinesi, ndipo m'zaka za m'ma 1980 kampani ya Pumpkin Masters ya ku Denver inayamba kugulitsa timasowo tating'ono pamodzi ndi mapepala a zithunzi zoti munthu azitsatira. Timasowoti tinachepetsa ngozi, koma tinabweretsa china chimene sichinkayembekezeka. Kusema kunasanduka luso la mpikisano. Nkhope ya maso a makona atatu ndi mano awiri inayamba kuoneka yachibwana pafupi ndi maungu ojambulidwa mfiti ikuuluka, nyumba ya mizukwa, kapena nkhope ya pulezidenti. Bambo ankakhala maola atatu ataweramira dzungu, mwana amene anamugulira dzungulo ali pambali, atapatsidwa ntchito yotola nthanga, mpaka kugona.

Yankho lachiwiri linali kusiya kuboola. Nzeru imeneyi inali itayamba kale mwakachetechete. Mu 1952 kampani ya Hasbro inayamba kugulitsa Mr. Potato Head, chidole chimene George Lerner anapanga. Poyamba m'bokosi munkangokhala maso, mphuno, makutu ndi zipewa zokhala ndi timisomali kumbuyo, ndipo mwana ankazibaya pa mbatatesi yeniyeni kapena ndiwo ina iliyonse ya kukhitchini. Thupi la pulasitiki linabwera mu 1964. M'badwo wonse unaphunzira kuti nkhope ikhoza kuikidwa pamwamba pa chinthu m'malo moigoba mkati mwake. Ku Sycamore, m'boma la Illinois, Wally Thurow anayamba mu 1956 kuika maungu okongoletsedwa pa kapinga wa panyumba pake, ndipo mu 1962 zinasanduka chikondwerero cha tauni yonse, mmene ana a sukulu amadzaza bwalo la khoti ndi maungu opakidwa penti, ovekedwa zipewa, omatidwa makutu. Bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics linadzaika mfundoyi m'malangizo ake a chaka ndi chaka: ana aang'ono asaseme maungu, azijambula nkhope ndi cholembera, wamkulu ndiye adule ngati kudula kukufunika, ndipo m'malo mwa kandulo muikidwe tochi kapena kanyali ka batire.

Alimi nawo anathandiza. Dzungu lakale la m'minda ya ku New England, lotchedwa Connecticut Field, linkabereka maonekedwe osiyanasiyana, ena ophwatalala, ena opendekeka. John Howden, mlimi wa ku Sheffield ku Massachusetts, anasankha mbewu kwa zaka zambiri mpaka anapeza dzungu loimirira bwino, la mtundu wa olenji wakuya, la tsinde lonenepa logwirika ngati chogwirira. Dzungu la Howden ndi zidzukulu zake ndi zimene zimadzaza misika ya Okutobala lero. Mnofu wake ndi wamadzimadzi, wa ulusi, wosakoma kwenikweni, chifukwa silinasankhidwire mphika. Maungu odyedwa ndi ena: fakitale ya Libby's ku Morton, Illinois, imaika m'zitini mtundu wa Dickinson, wotuwira ndi wotalika, umene palibe mwana angausankhe kuti aujambule nkhope. Kenako panabwera timaungu ta m'manja monga Jack Be Little ndi Baby Boo, ndi maungu oyera monga Lumina. Tating'onoto n'tolimba ndi tochepa moti kusema n'kovuta, koma mwana wa zaka ziwiri amatha kutinyamula yekha. Dzungu loyera lili ngati pepala, penti aliyense amaonekapo.

Ntchitoyo ikamachitika pa tebulo imaoneka chonchi. Dzungu limayamba latsukidwa ndi kupukutidwa mpaka kuuma, chifukwa khungu lake lili ndi kaphula kachilengedwe kamene kamakana madzi. Penti wochapika wa ana, amene makolo amamukonda chifukwa amachoka pa zovala, akauma pa khungu limeneli amang'ambika n'kumasupuka; penti wa akiriliki amagwira bwino koma sachoka pa malaya, n'chifukwa chake malaya akale aja ndi manyuzipepala oyala pa tebulo. Mwana wa zaka ziwiri burashi amaitaya pakangopita mphindi imodzi n'kuviika chikhatho chonse. Amapaka wofiira, kenako wobiriwira pamwamba pake, kenako wabuluu, mpaka dzungu lonse litasanduka mtundu wa matope, iye n'kumaomba m'manja. Wa zaka zinayi amafuna maso apulasitiki ogwedezeka, ndipo sakhutira ndi awiri. Mayi akati, "Mwanangu, maso asanu pa nkhope imodzi?" yankho limabwera msanga: "Inde amayi, kuti liziona ndi kumbuyo komwe." Ulusi wolukira majuzi umasanduka tsitsi, mabatani akale mano, bandeji yokulungiza imasandutsa dzungu mtembo wa ku Egypt. Ena amamata tepi m'mizere, mwana n'kupaka paliponse, kenako tepi ikamatulidwa pamatsala mizere yoyera bwino imene imadabwitsa mwanayo kuposa wina aliyense. Aphunzitsi ena amaonetsa ana chithunzi cha dzungu lachikasu la madonthomadontho akuda limene Yayoi Kusama anaimika m'mphepete mwa nyanja pa chilumba cha Naoshima ku Japan mu 1994, chifukwa madontho ndi chinthu chimene chala cha mwana aliyense chimatha.

Njira imeneyi ilinso ndi zoopsa zake zing'onozing'ono. Maso apulasitiki, mikanda ndi mabatani ndi zinthu zimene mwana wosakwana zaka zitatu amaponya mkamwa, ndipo zikhoza kumutsamwitsa. Guluu wotentha ndi makrayoni osungunula ndi makina oumitsira tsitsi ndi ntchito ya wamkulu. Koma phindu lina makolo analizindikira msanga: dzungu loboola limayamba kufota ndi kuchita nkhungu pakangopita masiku ochepa, kawirikawiri osakwana sabata, agologolo ndi ntchentche zikuthandizira, pamene losaboola likakhala pozizira limatha miyezi iwiri. Mwana akhoza kulikongoletsa kumayambiriro kwa Okutobala n'kumalipatsa moni m'mawa uliwonse popita kusukulu. Masukulu, kumene mpeni saloledwa n'komwe, anapeza njira yolowetsera maungu m'kalasi: ana amasankha munthu kapena nyama ya m'buku limene awerenga, n'kusandutsa dzungu kukhala iyeyo, maungu onse n'kufoledwa m'laibulale.

Penti anapatsanso dzungu ntchito imene mpeni sukanalipatsa, yopereka uthenga ndi mtundu. Mu 2012 mayi wina wa ku Tennessee, amene mwana wake ankadwala akadya zakudya zina, anapaka dzungu penti wobiriwira mopita ku buluu n'kuliika pakhomo, kutanthauza kuti panyumbapo pali mphatso zosadyedwa monga timipira, mapensulo ndi timapepala tomata. Mu 2014 bungwe la Food Allergy Research & Education linafalitsa nzeruyi m'dziko lonse ndi dzina loti Teal Pumpkin Project. Kwa mwana amene mtedza umodzi ukhoza kumutsekereza mpweya, dzungu la mtundu umenewo ndi chizindikiro choti pakhomo apa akhoza kugogoda.

Pali amene amadandaula kuti dzungu lopaka penti si Halloween yeniyeni, ndipo pa mfundo imodzi akunena zoona. Dzungu losaboola siliwala. Chinthu chonse chinayamba ngati nyali, ndipo dzuwa likalowa dzungu lopaka penti limangosowa mumdima pamodzi ndi miphika ya maluwa, kupatula ngati apaka penti wowala usiku, amene kuwala kwake n'kofooka poyerekeza ndi lawi logwedezeka kuseri kwa mano osemedwa. Koma amene akuti kusema ndiko kumasunga mwambo aiwala kuti m'nyumba zambiri mwana anali atasanduka woonerera. Nthawi zambiri nyali ya tanipu inkapangidwa ndi amene akainyamule. Pa mbali imeneyi, kadzungu ka mtundu wa matope kokhala ndi maso asanu kali pafupi ndi mwambo wakale kuposa chithunzi cha pulezidenti chimene bambo anasema yekha pakati pa usiku. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti matenda omwewo afikanso ku penti. Pa Pinterest ndi Instagram pali maungu a golide, a maluwa ojambulidwa mosamala, olembedwa kuti ndi ntchito ya ana, koma aliyense amene anaonapo mwana wa zaka zitatu atagwira burashi amadziwa dzanja limene linajambula.

Mabanja a kwathu amene ali ku Manchester, ku Leeds kapena ku Dublin amakumana ndi nkhaniyi kudzera m'chikwama cha sukulu, mmene mumatuluka kalata yopempha kuti mwana abwere ndi dzungu lokongoletsa. Ena amakana kotheratu chifukwa cha chikhulupiriro chawo, poona mifupa, mfiti ndi mizukwa zimene zimatsagana ndi tsikuli, ndipo kwa munthu wokulira kumene ufiti si nkhani yoseweretsa, kukanako n'komveka. Ena amalola dzungu la nkhope ya mphaka kapena la madontho, koma osalola mwana kuvala zamizukwa. Ku Britain komweko dzungu ndi mlendo wa posachedwa. Linalanda malo a tanipu m'masitolo akuluakulu m'zaka makumi ochepa zapitazi, chifukwa cha mafilimu a ku America komanso chifukwa palibe amene ankasangalala ndi kupinda masupuni.

Chimene chimavuta kwambiri munthu woleredwa ndi maungu owiritsa ndi nkhwani wotendera ndi kuona kumene maungu onsewa amathera. Ambiri amapita kudzala, mnofu ndi nthanga zomwe. Apa dzungu lopaka penti limaluza kwa losemedwa. Losemedwa likhoza kuponyedwa pa kompositi kapena kupatsidwa nkhumba ndi nkhuku ngati lisanawole, ndipo nthanga zake zinakazingidwa kale usiku wosemawo. Lopakidwa akiriliki, lomatidwa guluu ndi kuwazidwa tonyezimira ta pulasitiki silingapite kumunda kapena kukhola pokhapokha wina atakhala pansi n'kusenda khungu lonse. Ku Britain mabungwe osamalira nkhalango monga Woodland Trust amachenjeza anthu chaka chilichonse kuti asakataye maungu m'nkhalango poganiza kuti akudyetsa nyama, chifukwa amatsegula m'mimba akanungu pa nthawi imene akufunika kunenepa asanagone nyengo yachisanu. Makolo ena tsopano amasankha dzungu laling'ono la mtundu wodyedwa, ana n'kulikongoletsa ndi timapepala tomatuka, masamba ouma ndi chipewa cha pepala. Pa 1 Novembala zomatazo zimachotsedwa, dzungu limatsukidwa, ndipo mpeni umatuluka m'kabati, uli m'manja mwa wophika.